Mwana Anachira Chimfine, Pano Watentha Thupi ndipo Akumva M'mimba: Zimene Mayi Ayenera Kudziwa

Amayi anzanga, palibe mwa ife amene sanachezerepo usiku ndi mwana wotentha thupi, akugwira pamimba n'kumalira. Zikatero maganizo athu amathamangira ku zinthu zitatu: malungo, njoka za m'mimba, kapena chakudya chimene wadya kusukulu kapena pamsika. Nthawi zambiri timakhala talondola. Koma alipo matenda ena amene amayamba chimodzimodzi, ndi kutentha thupi, kupweteka m'mimba, kusanza ndi kutsekula, pamene gwero lake si chakudya kapena udzudzu ayi. Amabwera patapita masabata angapo mwana atadwala Covid-19, ndipo akachedwa kuzindikirika amafooketsa mtima.

Madokotala amawatchula mwachidule kuti MIS-C, kutanthauza kutupa kwa ziwalo zingapo za m'kati mwa thupi la mwana pa nthawi imodzi. Si matenda ofala. Komabe ndi bwino muwadziwe, chifukwa palibe makina amodzi amene amawaonetsa monga mmene kachipangizo koyezera malungo kamachitira. Dokotala amawazindikira polumikiza zimene akuona ndi mbiri imene mayi wafotokoza. Ndiye kuti mbali ina ya ntchitoyi ili m'manja mwanu.

Anadziwika bwanji

Mliri wa Covid-19 utayamba, anthu ankalimba mtima kuti ana sukuwavuta kwenikweni, ndipo zinali zoona: ana ambiri ankangomva kachimfine, ena osamva kalikonse. Koma mu Epulo 2020 madokotala a mumzinda wa London ku Britain anadabwa kulandira ana 8 m'masiku 10 okha, onse otentha thupi kwambiri, ambiri otsekula m'mimba kapena kusanza, ndipo magazi awo akuyenda mofooka. Mwa anawo, 6 anali akuda ngati ana athuwa. Mmodzi anamwalira. Nthawi yomweyo ku Bergamo m'dziko la Italy, kumene mliri unali utavuta koopsa, madokotala anaona ana 10 m'miyezi iwiri okhala ndi zizindikiro zofanana ndi matenda a Kawasaki, pamene m'zaka 5 zam'mbuyomo anali ataona ana 19 okha. Matenda a Kawasaki ndi otupitsa mitsempha ya magazi mwa ana aang'ono, ndipo dzinali ndi la dokotala wa ku Japan, Tomisaku Kawasaki, amene anawafotokoza mu 1967.

Pa 15 Meyi 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yothandiza madokotala kuzindikira matenda atsopanowa. Pasanapite nthawi anapezekanso kuno ku Africa: madokotala a ku Cape Town anafotokoza za ana 23 amene anawalandira mu Juni ndi Julayi chaka chomwecho. Kuno ku Malawi, Covid-19 inalengezedwa koyamba pa 2 Epulo 2020, ndipo kachiromboka kanafika m'midzi ndi m'matauni momwe. Ana ambiri anakatenga osayezedwa n'komwe.

Chimachitika n'chiyani m'thupi

Thupi lili ndi chitetezo chake, chija timachitcha asilikali a m'thupi. Kachirombo kakalowa, asilikaliwa amadzuka n'kumenyana nako. Kutentha thupi, kutupa ndi kuphwanya m'thupi kumene timamva tikadwala ndi zizindikiro za nkhondo imeneyi. Mdani akagonja, chitetezo chimayenera kubwerera mwakale.

Mwa ana ochepa sizitero. Kachirombo kamachepa kapena kutheratu m'mphuno ndi pakhosi, mwana n'kuoneka wabwinobwino, kusewera, kupita kusukulu. Ndiye pakapita masabata 2 mpaka 6, chitetezo chija chimadzukanso mopyola muyeso n'kuyamba kuvulaza thupi lomwe chimayenera kuteteza. Zili ngati moto umene munayatsa kuti mutenthe zinyalala kumunda: zinyalala zapsa, inu mwabwerera kunyumba, koma mphepo yaukolezanso n'kulowa m'munda wa chimanga. Kutupaku kumagwira kwambiri timitsempha ta magazi, ndipo popeza timitsemphati tili paliponse, ziwalo zambiri zimavutika pamodzi: matumbo, mtima, khungu, maso, chiwindi, impso, nthawi zina ndi ubongo.

Pa mfundo imeneyi mutolepo zinthu ziwiri. Choyamba, MIS-C si yopatsirana. Mwana wodwala matendawa sangapatsire mng'ono wake kutupako. Chachiwiri, kukula kwa matenda oyamba aja sikuneneratu kanthu. Ana ambiri amene anadwala MIS-C anali athanzi, ndipo Covid-19 yawo inali yaing'ono kapena yosaoneka n'komwe. Matendawa amakonda ana a msinkhu wa kupulayimale, makamaka a zaka za pakati pa 6 ndi 12, ngakhale kuti makanda ndi achinyamata amathanso kudwala. Ku America, m'chaka choyamba cha mliri, anawerengera kuti mwa ana pafupifupi 3,000 amene atenga kachiromboka, mmodzi ndiye ankadwala MIS-C.

N'chifukwa chiyani m'mimba ndi mmene mumayamba kudandaula

Ambiri timaganiza kuti Covid-19 ndi matenda a m'mapapo basi. Koma kachiromboka kamalowa m'maselo a thupi kudzera pa timakomo tina, ndipo timakomo timeneti tilipo tambiri m'kati mwa matumbo aang'ono. N'chifukwa chake zotsalira zake zimapezeka m'chimbudzi cha mwana kwa masabata angapo, ngakhale pamene kuyeza kwa m'mphuno kukuonetsa kuti mulibe kanthu.

Matumbo alinso ndi gawo lalikulu la chitetezo cha m'thupi. Mukudziwa mwanabere, uja amatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche munthu akakhala ndi chilonda. Timibulu tofanana nato tilipo tambirimbiri m'mimba, tondandalika m'mbali mwa matumbo, makamaka m'munsi cha kumanja kumene matumbo aang'ono amalumikizana ndi aakulu. Chitetezo chikalusa, timibuluti timatupa, khoma la matumbo nalonso limatupa n'kukhuthala, ndipo nthawi zina m'mimba mumadzadza timadzi. Mu 2021 ofufuza a ku Boston anaonetsa kuti mwa ana odwala MIS-C khoma la matumbo limakhala litalekerera, moti tizidutswa ta kachirombo timadutsa n'kulowa m'magazi. Maganizo awo ndi akuti tizidutswa timeneti ndi timene timautsa chitetezo kachiwiri.

Kafukufuku wina wamkulu wa ku America wa mu 2020, wa ana 186, anapeza kuti 92 mwa ana 100 aliwonse anali ndi vuto la m'mimba, ndipo 80 mwa 100 anali ndi vuto la mtima kapena kayendedwe ka magazi. Ana 4 anamwalira. Manambalawa akutiuza kuti m'mimba ndi mmene matendawa amaonekera msanga, koma choopsa chachikulu chili kumtima. Mwana amadandaula za pamimba, ife n'kumathamanga ndi za pamimbazo, pamene mtima ukufooka mwakachetechete.

Zizindikiro za m'mimba

Kupweteka m'mimba ndiko kumatsogola. Kumakhala kwamphamvu, mwana amapindika, amakana kumugwira pamimba, ndipo ena amayenda chowerama. Kukhoza kukhala mimba yonse, pamchombo, kapena m'munsi cha kumanja. Kusanza ndi nseru zimatsatira, mwana n'kukaniratu chakudya ngakhale chimene amachikonda. Kutsekula m'mimba kumakhala kwamadzi, kawirikawiri kopanda magazi. Ana ena mimba imatupa n'kulimba.

Ziwalo zina zothandiza kugaya chakudya zimakhudzidwanso. Chiwindi chimatha kutupa, zimene kawirikawiri zimaoneka poyeza magazi, ndipo mwa apo ndi apo maso amachita chikasu. Ndulu imatha kufufuma. Kapamba, chiwalo chimene chimatulutsa madzi ogaya chakudya, akatupa amapweteka pamwamba pa mchombo mpaka kumsana.

Vuto lalikulu n'lakuti zonsezi zimafanana kwambiri ndi apendikisi. Apendikisi ndi kathumba kakang'ono ngati chala kamene kali m'munsi mwa mimba cha kumanja, malo omwe aja amene timibulu ta chitetezo tachuluka. M'miyezi yoyambirira ya mliri, m'mayiko angapo ana ena anachitidwa opaleshoni poganiza kuti ndi apendikisi, madokotala n'kupeza kathumbako kali bwinobwino, chotupa ndi matumbo ndi timibulu tija. Komanso alipo ana amene anali ndi zonse ziwiri. Nthawi zambiri apendikisi amayamba ndi kupweteka pamchombo kumene kumasunthira kumanja, kutentha thupi n'kubwera pambuyo ndiponso pang'ono. Mu MIS-C kutentha thupi kumakhala kwakukulu kuyambira pachiyambi, ndipo pamakhala zizindikiro zina zimene apendikisi sabweretsa. Koma kusiyanitsa kumeneku ndi ntchito ya kuchipatala. Zonse ziwiri n'zosadikira kuti kuche kawiri.

Yang'anani mwana yense, osati mimba yokha

Ophunzira unamwino timawauza kuti mwana wodwala m'mimba amuvule malaya n'kumuona kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Inunso chitani chimodzimodzi, panja powala, osati ndi nyali ya usiku. Pambali pa kutentha thupi kumene kwatha masiku 3 kapena kuposa, fufuzani izi:

Maso onse awiri ofiira koma osatuluka manthongo.

Milomo yofiira, youma, yong'ambika, ndi lilime lofiira psu lokhala ndi timatuza.

Zidzolo kapena mawanga pathupi. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho yang'anani m'manja, kumapazi ndi m'kati mwa milomo, ndipo papasani khungu kuti mumve ngati latutuma.

Manja ndi mapazi otupa, kapena mwanabere m'khosi.

Mutu waukulu, kuuma khosi, kusokonezeka, kapena kugona kosadzutsika bwino.

Kupuma mofulumira, kupweteka pachifuwa, mtima kugunda mothamanga, chizungulire akaimirira.

Manja ndi mapazi ozizira pamene thupi likutentha, ndi kukodza pang'ono kapena kusakodza tsiku lonse.

Pali kuyeza kumodzi kosavuta kumene mungachite. Dinani chikhadabo cha chala cha mwana mpaka chiyere, muwerenge mpaka 5, kenako musiye. Mtundu wake uyenera kubwerera pasanathe masekondi 3. Ukachedwa, ndiye kuti magazi sakufika bwino kumapeto kwa thupi. Mwana wotero, komanso amene akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena walefukiratu, ndi wonyamula nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.

Nanga malungo, tayifodi ndi kolera?

Kwathu kuno mwana wotentha thupi amayamba wayezedwa malungo, ndipo ziyenera kutero, chifukwa malungo ndiwo ofala ndipo amapha msanga. Koma dziwani kuti mwana akhoza kupezeka ndi malungo n'kukhalanso ndi matenda ena pambali. Ngati wamwa LA monga mwa malangizo koma pofika tsiku lachitatu thupi likutenthabe, kapena akuipiraipira lisanafike tsikulo, bwererani kuchipatala. Musadikire kuti mankhwala ayambe kugwira. Chimodzimodzi ngati malungo sanapezeke ndipo mwapatsidwa panado yekha: kutentha kukapitirira, bwererani.

Tayifodi imatenthetsanso thupi n'kupweteka m'mimba. Imayamba pang'onopang'ono, kutentha kumakwera tsiku ndi tsiku, ndipo ikalekereredwa imaboola matumbo m'sabata yachiwiri kapena yachitatu. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno mu Meyi 2023. Kolera tikuikumbukira bwino chifukwa cha mliri wa 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700. Iyo imatsekula m'mimba mwamadzi ngati otsukira mpunga, madzi m'thupi n'kutha m'maola ochepa, ndipo kawirikawiri thupi silitentha. Chikuku chimafiiritsa maso ndi kutulutsa zidzolo, koma chimabwera ndi chifuwa ndi chimfine, ndipo zidzolo zake zimayambira kumaso kutsikira m'munsi.

Malinga ndi ndondomeko ya WHO, dokotala amayenera kutsimikiza kaye kuti si matenda enawa asananene kuti ndi MIS-C. Choncho musadabwe mwana akayezedwa zinthu zambiri, kapena akayambitsidwa mankhwala opha mabakiteriya pamene zotsatira zikudikiridwa. Ndi njira yoyenera.

Zimene muyenera kunena kuchipatala

Nyamulani kabuku ka kuchipatala ka mwana pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene wamwa, ogula pagolosale ndi azitsamba omwe. Palibe chifukwa chobisira. Tikadziwa chimene chili m'thupi mwa mwana timasankha bwino mankhwala. Fotokozani tsiku limene kutentha thupi kunayamba, chimene chinayamba pakati pa kutentha ndi kupweteka m'mimba, wasanza kangati ndipo masanzi ake ndi amtundu wanji, wakodza liti komaliza.

Ndiye onjezani mfundo imene ambiri saiganizira chifukwa amaona ngati ndi nkhani yakale: kodi m'mwezi wathawu kapena iwiri mwanayu, kapena wina aliyense pakhomo, anadwalapo chimfine, chifuwa, zilonda zapakhosi, kapena kusiya kumva fungo ndi kukoma kwa chakudya? Kodi kusukulu kwake kunali chimfine chimene chinagwira ana ambiri? Nenani zimenezi ngakhale musanafunsidwe. Kuyeza kwa m'mphuno kukhoza kusaonetsa Covid-19 chifukwa kachirombo kanapita kale, ndiye mawu anu ndiwo amatsala ngati umboni. Ndipo ngati simunamvetse chimene adokotala anena, funsani. Paja safunsa anadya phula.

Kuchipatala amayeza magazi kuti aone kukula kwa kutupa, kuchuluka kwa magazi, ndi mmene chiwindi ndi impso zikugwirira ntchito. Amajambula m'mimba ndi sikani yonga imene timaunikira amayi oyembekezera, ndipo amajambulanso mtima. Zina mwa izi sizipezeka pachipatala chaching'ono, choncho mukhoza kutumizidwa kuchipatala cha boma kapena cha mishoni chachikulu, mwinanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Mukapatsidwa kalata yotumizira, pitani tsiku lomwelo. Kubwerera kaye kunyumba kukadikira bambo kapena malume kuti agamule kwatayitsa ana ambiri nthawi imene sibwerera. Auzeni pa foni muli m'njira.

Chithandizo chake

Mwana woganiziridwa MIS-C amagonekedwa. Cholinga cha chithandizo ndi kuziziritsa chitetezo cholusacho ndi kuchirikiza mtima mpaka kutupa kutatha. Mankhwala odalirika ndi a gulu la masiteroyidi, monga prednisolone ndi methylprednisolone. Mu Novembala 2021 WHO inalangiza kuti ana ogonekedwa ndi matendawa azipatsidwa mankhwala amenewa. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa ife, chifukwa ndi mankhwala osakwera mtengo ndipo amapezeka m'zipatala zambiri. Alipo mankhwala ena otchedwa IVIG, opangidwa kuchokera m'magazi a anthu opereka magazi, amene amathandizanso koma ndi odula ndipo sapezeka wamba. Ana ambiri amasintha m'masiku ochepa akayamba kulandira chithandizo: kutentha kumatsika, m'mimba mumaleka kupweteka popanda opaleshoni, ndipo amayamba kupempha chakudya.

Mwina mudzaona anamwino akuyendetsa diripu pang'onopang'ono, n'kumabwera pafupipafupi kudzamvetsera pachifuwa, ngakhale mwana akutsekula m'mimba. Si ulesi kapena kuumira. Mtima wofooka ukalandira madzi ambiri nthawi imodzi umalephera kuwapopa, madziwo n'kudzadza m'mapapo. Choncho musatsegule nokha diripu kuti ithamange. Ngatinso mwauzidwa kuti mwana asadye kaye pamene madokotala akuunika za opaleshoni, mverani ngakhale akulira njala.

Pakhomo: zoyenera ndi zosayenera

Pamene mukukonzekera ulendo, ngati mwana akutsekula m'mimba ndipo akutha kumwa, mupatseni Thanzi ORS. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo muzimumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Woyamwa apitirize kuyamwa. Panado mukhoza kumupatsa pa mlingo woyenera msinkhu wake, koma kumbukirani kuti panado amangotsitsa kutentha kwa maola ochepa, sachiza. Mwana akazizidwa thupi atamwa panado sindiye kuti ulendo wa kuchipatala walephereka.

Musamupatse asipirini kapena mankhwala a mutu a akuluakulu amene muli asipirini. Mwa mwana amene ali ndi matenda a kachirombo monga katsabola kapena fuluwenza, asipirini akhoza kuyambitsa vuto loopsa la chiwindi ndi ubongo. Musamupatsenso bulufeni, chifukwa amapala m'mimba ndipo amavulaza impso za mwana amene madzi achepa m'thupi. Makapisozi otsala a munthu wina, mankhwala oimitsa kutsekula m'mimba, mankhwala a njoka, zitsamba zotsuka m'mimba, kupopera mankhwala kumalo ochitira chimbudzi, kutema mphini pamimba kapena kusisita mwamphamvu mimba yopweteka, zonsezi zimachedwetsa chithandizo ndipo zina zimawonjezera vuto pa matumbo otupa kale.

Akatuluka m'chipatala

Ana ambiri amachira bwinobwino, ndipo mtima umabwerera mwakale m'masabata kapena miyezi yochepa. Koma akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. M'kafukufuku wa ana 186 uja, 8 mwa 100 aliwonse anapezeka kuti mitsempha yodyetsa mtima yafufuma. Vuto limeneli silipweteka ndipo silioneka ndi maso. N'chifukwa chake madokotala amapereka masiku oti mwana adzajambulidwenso mtima, kawirikawiri pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, kenako pakatha masabata 4 mpaka 6. Musaphonye masiku amenewa ngakhale mwana akuoneka wamphamvu. Ngati mtima unakhudzidwa, mpira, kuthamanga ndi ntchito zolemetsa monga kutunga madzi kutali ziyambe zaima mpaka adokotala atavomereza, ndipo nthawi zina pamatenga miyezi 3 mpaka 6. Kauzeni aphunzitsi ake.

Masiteroyidi sasiyidwa mwadzidzidzi. Mlingo umachepetsedwa pang'onopang'ono monga mwalembedwera. Mwana azimwa atadya. Akhoza kumadya kwambiri, kutupa masaya kapena kukwiya msanga, ndipo izi zimatha mankhwala akatha. Ana ena amalemberedwa asipirini wa mlingo wochepa kwambiri woteteza magazi kuundana m'mitsempha ya mtima. Ameneyu ndi wosiyana ndi wogula nokha uja: mlingo wake wawerengedwa ndi dokotala. Koma mwana wotero akadwala katsabola kapena chimfine chachikulu, kapena mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu kapena masanzi a magazi, thamangirani kuchipatala. Ngati analandira IVIG, nenani kusikelo, chifukwa katemera wa chikuku amayenera kudikira miyezi ingapo kuti adzagwire bwino ntchito.

Matumbo amene anatupa amafuna kuwayamba mofatsa. Mpatseni chakudya chochepa koma pafupipafupi: phala lothira nsinjiro, nthochi zakupsa, mbatata, mpunga, nsima yofewa ndi nsomba, dzira kapena nyemba zosenda. Zokazinga m'mafuta ambiri, tsabola ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zidikire. Akayamba kudya bwino, muwonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abwezeretse thupi.

Mavuto ena a m'mimba obwera kachirombo katapita

Covid-19 si yokha imene imasiya mavuto m'mbuyo. Atatu awa ndi akale ndipo timakumana nawo m'zipatala zathu.

Loyamba ndi kulowana kwa matumbo, pamene chigawo china cha thumbo chimalowa m'chinzake ngati mkono wa malaya wopindikira m'kati. Limakonda ana a miyezi 3 mpaka zaka 3, kawirikawiri atangodwala chimfine kapena kutsekula m'mimba. Mwana amalira mwadzidzidzi atapinda miyendo, n'kukhala chete kwa mphindi 15 kapena 20, n'kuyambiranso. Pambuyo pake amasanza zobiriwira ndi kuchita chimbudzi cha magazi osakanikirana ndi zonanda. Si kamwazi ayi, ndipo mankhwala akumwa sangathandize. Masanzi obiriwira mwa mwana aliyense ndi chizindikiro choti matumbo atsekeka mpaka dokotala atatsimikiza kuti si choncho.

Lachiwiri ndi kutupa kwa timitsempha kotchedwa Henoch-Schönlein, kumene kumatsatira chimfine kapena zilonda zapakhosi mwa ana a zaka 3 mpaka 10. Mwana amatuluka timadontho totutuma takuda mofiirira m'miyendo ndi m'matako, mawondo ndi akakolo amapweteka, ndipo m'mimba mumapota. Ambiri amachira okha, koma mkodzo uyenera kumayezedwa kwa miyezi 6 chifukwa impso zimatha kukhudzidwa mochedwa. Timadontho tosazimirira mukatidina, tikabwera ndi kutentha thupi, tionedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Lachitatu ndi laling'ono. Mwana akatsekula m'mimba kwambiri, matumbo amatha kulephera kwa masabata ochepa kugaya shuga wa mumkaka wa ng'ombe kapena wa m'chitini, mimba n'kumadzadza mpweya ndi kutsekulanso akamwa. Limatha lokha. Mkaka wa m'mawere musausiye, ndipo musasinthe mkaka wa khanda musanafunse kuchipatala.

Kodi MIS-C ilipobe?

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachiromboka sikanathe. Kakuzungulirabe pakati pathu ngati chimfine. MIS-C inachepa kwambiri kuyambira pamene mtundu wa Omicron unafala, chifukwa ana ambiri tsopano ali ndi chitetezo chochokera ku katemera kapena ku matenda amene anadwalapo kale. Kafukufuku anaonetsanso kuti ana olandira katemera wa Covid-19 sadwala MIS-C kawirikawiri poyerekeza ndi osalandira. Kuchepaku n'kokondweretsa, koma kuli ndi msampha wake: matenda osowa amaiwalika, ndipo mwana mmodzi amene wawadwala akhoza kuzungulira zipatala ziwiri kapena zitatu akulandira mankhwala a malungo ndi a njoka.

Kupewa kwake ndi komwe kuja tinazolowera: kusamba m'manja ndi sopo, kutsegula mawindo, kusunga mwana wodwala chimfine pakhomo m'malo momutumiza kusukulu, ndi kulandiritsa ana katemera yense amene a zaumoyo akupereka pa msinkhu wawo. Katemera wa rota, amene anayamba kuno mu 2012, wa chikuku ndi wa tayifodi amachepetsa matenda ena ofanana ndi MIS-C, ndipo kabuku kosonyeza kuti mwana analandira kamathandiza dokotala kuganiza msanga za chifukwa china.

Chimene chimachedwetsa mabanja ambiri si kusadziwa kokha, koma ndalama ya kabaza kapena ya galimoto pakati pa usiku. Kambiranani m'magulu anu ndi kubanki m'khonde za kathumba ka ulendo wadzidzidzi, ndipo mudziwiretu wa njinga yamoto amene angadzuke mukamuimbira. Mukapita kukazonda mwana wa mnzanu n'kumva kuti watentha thupi masiku 3, akumva m'mimba, ndipo maso afiira kapena milomo yang'ambika, funsani ngati pakhomopo panadutsa chimfine mwezi wathawu. Kenako muperekezeni mayiyo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafika mumukumbutse kuti anene za chimfinecho.